Kuika galasi lakumbuyo pa galimoto yakale

Anzanga amene mukudzutsa magalimoto akale aja, nkhani yoika galasi la zenera lakumbuyo musaithamangire chonde. Musanaligwire n'komwe galasilo yang'anani kaye chitsulo pomwe pamakhala labala wogwira galasi, makamaka makona am'munsi, madzi amakhazikika pamenepo ndiye dzimbiri limangodya mwakachetechete. Palani mpaka chitsulo chiwale, pakani pulaimala ndi penti, ziume bwinobwino.

Labala gulani watsopano, wakaleyo olo azioneka bwino amakhala atauma. Muvekeni kugalasi kaye, ndipo ngati pali kachitsulo konyezimira kaja ngati ka VW Beetle kalowetseni mu labala nthawi yomweyo, pambuyo pake sikalowanso. Kenako tengani chingwe cha nayiloni cha mamilimita 4 kapena 5 muchilowetse mumpata wa labala momwe mumalowa chitsulo cha galimoto, kuzungulira konse, nsonga zake zipitirirane pakati m'munsi. Pakani madzi a sopo, osati oyilo kapena girisi, zimaononga labala.

Apa pakufunika anthu awiri, galasi mwaliika pamalo pake nsonga za chingwe zili mkati mwa galimoto, wina panja kulikankha ndi zikhatho zotambasula, wina mkati kukoka chingwe pang'onopang'ono uku akuona mlomo wa labala ukukwera pachitsulo. Pamakona ndi pomwe pamavuta, kokani mozungulitsa dzanja, musalowetsepo sikuludiraiva ayi! Galasi lakumbuyo nthawi zambiri ndi lija likasweka limangoyoyoka tizidutswa ngati mchere, ine langa linapita choncho nditangoligunda pang'ono m'mphepete, zinandiwawa kobasi.

Pomata pewani silikoni wakubafa uja wonunkha ngati viniga, asidi wake amadya chitsulo. Ikani silanti (chomatira chotseka mipata) wosauma wa butyl pansi pa mlomo wa labala, mukatha thirani madzi ndi paipi kuyambira m'munsi kukwera, mnzanu ali mkati kuyang'ana podontha.