Kuwedza nsomba m'madamu ndi m'mitsinje ya mumzinda

Mwafunsa za nthawi ndi njira yabwino yowedzera nsomba mumzinda. Yambani mwafufuza ngati pamalopo amalola kuwedza, chifukwa madamu ena ndi a madzi akumwa ndipo kwina amafuna chiphaso.

Lawirirani m'bandakucha, kapena pitani dzuwa litapendeka. Masana kukatentha nsomba zimatsikira pansi pozizira ndipo sizidya kwenikweni. Tsiku la mitambo, kamphepo kakuwomba pang'ono, ndiye labwino koposa. Kukagwa chimvula, dikirani kaye madzi adikhe, popeza amakhala atakokolola zinyalala za m'ngalande, ngakhale kuti milamba imadya ndithu m'madzi amatope.

Mukafika, funani pamthunzi: pansi pa mlatho, m'mbali mwa bango, kapena pamene kamtsinje kakuthira m'damu. Kolekani nyongolotsi kumbedza yaing'ono ngati nyambo, mangirirani choyandama pachingwe, kenako ponyani mwakachetechete. Choyandamacho chikangomira, kokani pompo. Pakatha mphindi 20 popanda kanthu, sinthani kuya kwa mbedza, apo ayi sunthirani pena.

Nsomba zogwidwa pafupi ndi mafakitale kapena mipope ya zonyansa musadye, zibwezereni m'madzi.