Ulendo wakumudzi kum'mawa: momwe mungachitire kuchokera pa Intercity mpaka pamphasa ya agogo

Mnzanga wina wa kuno ku Mtendere anandifunsa sabata yatha kuti akufuna atenge ana ake akaone kumudzi kwa amayi ake chakwa Katete, koma iye mwini anabadwira mu Lusaka ndipo kumudziko anapitako kamodzi kokha ali mwana pa maliro, ndiye sakudziwa poyambira. Tinacheza mpaka mdima. Pobwerera kunyumba ndinaona kuti anthu otere tilipo ambiri muno mtauni, Chinyanja timayankhula tsiku ndi tsiku koma nkhokwe ana athu amangoyiona pa foni. Ine ndimapita kawiri pachaka, ndiye ndati ndilembe momwe ndimachitira.

Choyamba, pezani munthu wokulandirani

Kumudzi si ku loji komwe mungangofika ndi chikwama nkufunsa chipinda. Mlendo amafikira pa munthu. Ngati ndi kwanu, imbani foni kwa amalume kapena azakhali kudakali sabata ziwiri, muwauze tsiku, muwauze kuti mukubwera angati komanso mugona masiku angati. Kwa ife Achewa amalume ndiwo mwini mbumba, musawadumphe nkumapangana ndi ana okha pa WhatsApp, adzamva kuti mwawapeputsa. Ngati si kwanu, pitani ndi mnzanu wa kumeneko kapena akutumizeni kwa abale ake. Kuimbiratu kumathandiza eni khomo akonze pogona, azire nyumba, akagayitse kuchigayo, chifukwa alendo anayi ongotulukira amatha ufa wa sabata yonse m'masiku awiri ndipo palibe adzakuuzeni, adzangomwetulira.

Sankhani mwezi bwino

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Mvula imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo tala imathera pamsewu waukulu, kulowa mkati ndi fumbi lomwe mvula ikagwa limasanduka matope oterera, timitsinje timadzaza, galimoto yaing'ono imatitimira. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zapepuka, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza, nthawi yocheza nanu alibe. Mukakakamizika kupita nthawi imeneyo nyamulani thumba la ufa la 25kg, musachite manyazi. Tonse tikukumbuka chilala cha 2024 chomwe boma linachita kulengeza kuti ndi tsoka la dziko, midzi yambiri kum'mawa chimanga chinauma chisanabereke, ndipo mabanja ena anatenga nthawi kuti ayimenso.

Ine nthawi yanga ndi Meyi mpaka Julayi. Anthu akukolola, nshawa zayanikidwa pabwalo, kandolo ndi maungu zili mbwee, nzimbe kudimba, misewu yauma. Kungoti Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, tengani juzi ndi bulangeti la ana. Ogasiti ndi wabwinonso makamaka ngati mukufuna kuona Kulamba, mwambo wa Achewa womwe umachitika ku Mkaika kufupi ndi Katete Loweruka lomaliza la mweziwo, pomwe mafumu ochokera muno mu Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Sabata imeneyo mabasi amadzaza msanga, gulani tikiti kudakali masiku. Okutobala kumatentha zedi, ndi ana ang'ono sindingakulimbikitseni.

Zogula musananyamuke

Simungafike pakhomo pa agogo chimanjamanja. Koma musavutike ndi zinthu zamtauni zodula zomwe kumudzi sizigwira ntchito. Zomwe zimasangalatsa ndi shuga, mchere, saladi wophikira, sopo wochapira ndi wosambira, machesi, masamba a tiyi, kapenta wouma, mabuledi angapo. Pitani ku msika wa Soweto tsiku limodzi musananyamuke mukagule zonsezi, ndiye mudutse ku Kamwala mukasankhe zitenje. Chitenje cha agogo aakazi ndi cha azakhali musachiiwale ayi, china chilichonse mungasiye koma chimenechi. Agogo aamuna jekete la salaula kapena chipewa. Ana a sukulu makope ndi mabolopeni. Mupatulenso kaphukusi kena ka amfumu, shuga paketi imodzi ndi sopo zikwanira.

Zanu inu: neti ya udzudzu, tochi, pawa banki yodzaza, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, klorini wothira m'madzi akumwa, nsapato zotseka zoyendera kumunda, chitupa chanu cha NRC. Amayi tengani zitenje zanu zovala ziwiri zitatu, buluku kapena siketi yaifupi popanda chitenje pamwamba kumudzi anthu amayang'ana kumbali. Ndalama sinthiranitu zikhale za K10, K20 ndi K50. Airtel Money ndi MoMo zimagwira m'maboma ndi m'misika ikuluikulu, koma mkati mwa midzi ejenti ali kutali ndipo nthawi zina alibe ndalama yoti akupatseni, netiweki nayo mumachita kukwera pachulu kuti muyipeze.

Pamsewu

Mabasi a kum'mawa amanyamukira pa Intercity. Kagulenitu tikiti dzulo lake pa ofesi ya basi yeniyeniyo, osati kwa anyamata okuthamangirani pageti, ndipo sankhani basi yoyamba ya m'mamawa. Chifukwa chake nchimodzi, muyenera kufika kumudzi dzuwa lisanalowe. Katundu wolowa pansi pa basi mulembe dzina ndi komwe mutsikire, muonetsetse ndi maso anu akulowa.

Msewu ndi Great East Road. Mudutsa Chongwe, Rufunsa, kenako mapiri a Manenekela pomwe msewu umakhotakhota kwambiri, mwana amene amasanza m'galimoto musamudyetse zamafuta musanadutse apa. Mukatsika mapiriwo mwafika pa Luangwa Bridge, makilomita pafupifupi 230 kuchokera mu Lusaka, basi imaima pamsika anthu atambasule miyendo. Pali nsomba zouma ndi zokazinga, madengu ndi malichero oluka bwino, koma zoluka mudzagule pobwerera, popita zingokupanikizani. Pamlatho pali achitetezo, foni ikhale m'thumba, musajambule. Mukaoloka ndiye mwalowa kum'mawa, Kacholola, Nyimba komwe nthochi zimabwera mpaka pawindo la basi, Petauke, Sinda, kenako Katete. Chipata ili patsogolo, makilomita pafupifupi 570 kuchokera mu Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu ndithu.

Chaka china ndinanyalanyaza, ndinakwera basi ya masana poganiza kuti tifika bwino, inawonongeka titangodutsa Nyimba ndipo pa Katete tinatsika usiku ndi mwana kumsana, njinga zonse zitaweruka, amalume anadikira pamphambano mpaka anabwerera. Tinagona pa wachibale wa mnzathu wa m'basi. Kuyambira pamenepo ine ndi basi yoyamba basi.

Mukatsika pa boma, kulowa kumudzi ndi njinga yamoto, njinga yakapalasa, kapena kagalimoto komwe kamadikira kadzaze. Funsani okulandirani mtengo wake musanafike, ndipo mugwirizane ndi woyendetsa musanakwere. Ngati katundu ndi wambiri, abale akhoza kubwera ndi ngolo ya ng'ombe, ana amakondwa nayo kuposa china chilichonse.

Kufika pakhomo

Apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene munthu amadziwika kuti analeredwa. Mukafika m'mphepete mwa bwalo imani, nenani "odi". Akuyankhani, ana athamanga kudzalandira katundu, akuyalirani mphasa kapena kukupatsani kampando. Khalani pansi kaye. Moni sapatsana choimirira ngati pa Cairo Road. Eni khomo amabwera mmodzimmodzi, amayi amagwada, abambo amanjuta, kuwomba m'manja pang'ono, "muli bwanji, mwayenda bwanji, kaya kumene mwachokera atsala bwanji". Inunso mubweze chimodzimodzi kwa aliyense, ngakhale akhale anthu khumi, osatopa. Wamkulu aliyense ndi "inu", ndi "amama", "atate", "agogo", mawu oti "iwe" omwe tinazolowera mtauni muwasiye pa Intercity. Muwaphunzitsiretu ana kulandira chinthu ndi manja awiri. Agogo anga akamapereka moni kwa mdzukulu amagwira dzanja lake ndi manja onse awiri osalisiya, kumuyang'ana kumaso nkumatchula mayina a anthu omwe wafanana nawo, ena oti anamwalira kalekale, mwana wanga wamkazi anamva dzina la agogo ake aakulu koyamba tsiku limenelo.

Mphatso musazitulutse pabwalo anthu onse akuona. Perekani thumba lonse kwa mayi wamkulu wa pakhomo m'nyumba, iwo akudziwa wogawira. Ngati muli kwa apongozi, funsani mkazi kapena mwamuna wanu momwe amachitira kwawoko, m'mabanja ambiri mkamwini sakhala mphasa imodzi kapena kudya mbale imodzi ndi apongozi aakazi.

Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, okulandirani akuperekezeni kwa anyakwawa. Simupita nokha. Mukafika mumakhala pansi, vulani chipewa, wokuperekezaniyo ndiye ayankhule kuti uyu ndi mlendo wathu wachokera ku Lusaka akhala masiku akuti, inu mupereke kaphukusi kaja kudzera mwa iye. Zimatenga mphindi zochepa koma kuyambira apo mudzi wonse ukudziwani, ndipo kukachitika kanthu muli ndi pothawira.

Kudya ndi kukhala

Mwina akupherani nkhuku. Musakane, musanene kuti "musavutike", kumeneko ndi kukulemekezani, ndipo nthutumba ikabwera m'mbale yanu dziwani kuti ndinu mlendo wolemekezeka. Masiku enawo ndi nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera ndi chibwabwa chotendera nshawa, therere, nyemba, mfutso, ndipo nthawi ya chilimwe mbewa. Ngati china simudya nenani mwaulemu, koma musakwinye nkhope, anawo amaonera inu. Kusamba m'manja amayamba akulu. Abambo amadyera paokha, amayi ndi ana paokha. Thobwa akakupatsani imwani, ndi lokoma kuposa zam'mabotolo. Madzi a pamjigo nthawi zambiri ndi abwino, koma a pachitsime chosatseka kapena kumtsinje thirani klorini kapena muwiritse, mimba za ana a mtauni sizichedwa. Neti imangidwe dzuwa lisanalowe tsiku lililonse, malungo kum'mawa alipo, ndipo mwana akatentha thupi kaya kumudzi komweko kaya mutabwerera, thamangani naye kuchipatala akamuyeze, muwauze komwe munali.

Musakhale pamphasa tsiku lonse ndi foni. Dzukani nawo m'mamawa, pitani kumunda, kakololeni nawo, thandizani kusenza chimanga kupita kungolo, kutokosa nshawa, kutunga madzi. Ana apite ndi anzawo kobusa mbuzi. Mukamagwira nawo ntchito mpamene nkhani zenizeni zimatuluka, za feteleza wa FISP, thandizo la boma kwa alimi, yemwe wabwera mochedwa kapena sanakwane, za mtengo wa FRA, bungwe la boma logula chimanga, ndi wa ogula oyendayenda omwe amabwera ndi sikelo zawo anthu ali pa usiwa, za thonje, soya ndi mpendadzuwa kuti chaka chino chalipira nchiti. Mverani kwambiri. Munthu amene walima munda womwewo zaka 40 safuna kuphunzitsidwa ulimi ndi mlendo wa masiku atatu.

Zoti musamale nazo

Kumanda ndi nkhalango yozungulira manda musalowe, ana muwauze mobwereza, ngakhale muone nkhuni zouma kapena zipatso. Kumeneko nkomwe kuli dambwe, malo a Gule Wamkulu, ndipo wosalowa mwambo saloledwa. Mukakumana ndi gule panjira patukani, mupatseni njira, ngati muli ndi kandalama ponyani pansi, musamuloze chala, musafunse kuti mkatimo muli ndani. Akamavina pabwalo pa mwambo mutha kuonerera pamodzi ndi anthu, koma kujambula yambani mwapempha akuluakulu. Guleyu UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse, koma kwa eni ake si chionetsero, ndi mizimu ya makolo. Ngakhale anthu wamba, agogo ali pamtondo kapena ana osavala bwino, musangowajambula nkuponya pa Facebook, pemphani.

Mukaona masamba aikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro, tsikani panjinga, vulani chipewa, galimoto iyende pang'onopang'ono. Maliro akagwa m'mudzi momwe muli, zonse munakonza ziyime, pitani mukakhale nawo pasiwa ndipo mupereke chipepeso. Mowa wa masese pang'ono ndi akuluakulu palibe vuto ngati mumamwa, kachasu musiyeni.

Kubwerera

Tsanzikani dzulo lake, khomo ndi khomo la abale, ndi kwa anyakwawa komwe. Akupatsani nshawa, kandolo, maungu, ufa, mwina nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Landirani ndi manja awiri, koma inu musapemphe thumba la chimanga ngati kuti kumudzi zinthu zimangomera zokha, chimangacho chiyenera kuwafikitsa mpaka Malichi. Mukafuna zambiri gulani pa mtengo wabwino osanenerera. Kandalama ka sopo musiyire agogo m'manja mwawo mobisa, osati kudzera mwa munthu wina, ndipo musalonjeze malata, fizi kapena ntchito mtauni ngati simungathe, kumudzi lonjezo saliiwala.

Tikiti yobwerera uzani wachibale akugulireni pa boma kudakali tsiku, chifukwa mabasi ochokera ku Chipata amafika pa Katete ndi pa Sinda m'mamawa ambiri atadzaza kale. Wa njinga mupangane naye usiku kuti adzakutengeni tambala woyamba. Nkhuku muyiike m'katoni yoboola, mufunse kondakitala poyiika, ndipo pa Luangwa muyipatse madzi. Mukangotsika pa Intercity imbani foni kumudzi kuti mwafika bwino, agogo sagona mpaka atamva.