Inu amene muli ndi dipu firiza tamvani izi

Makamaka inu ogulitsa mafirizesi ndi nkhuku, chonde siyani kugoba ayisi ndi mpeni. Kuseri kwa khoma lamkatilo kumadutsa timapaipi ta gasi woziziritsa, mukangoboola kamodzi basi gasi yense wathawa, ndipo kukonzetsa kwake ndalama zake si zamasewera, nthawi zina firizayo imakhala yatheratu. Ayisi akakhuthala kufika sentimita imodzi, zimitsani, tulutsani ndiwo muzikulunge m'bulangete, ikani beseni la madzi otentha mkatimo ayisiyo azigwa yekha, kenako mupukute ndi kansalu kouma musanayatse.

Magetsi akathima osamangotsegulatsegula ayi. Firiza yodzadza bwino imasunga kuzizira mpaka masiku awiri ngati simukuitsegula, yodzadza theka ndi tsiku limodzi lokha, nde ngati ndiwo zachepa ikanimo mabotolo a madzi aziuma momwemo. Fridge guard, kachipangizo koteteza firiza ku magetsi amphamvu, nayo mugule ndithu, magetsi pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yochuluka ndipo ndi amene amaotcha kompuresa, injini ya firizayo.

Firizayo isagundane ndi khoma, siyani kampata ngati 10cm kuti mpweya uzidutsa, komanso osaiika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Labala wapachitseko muzimutsukanso ndi madzi ofunda, akachita nkhungu sagwira bwino.