Mmene Mungasankhire Inshuwalansi ya Medicare ku America Popanda Kukokedwa ndi Maejenti

Munthu amene akukhala ku America akamayandikira zaka 65, bokosi lake la makalata limayamba kudzaza ndi mapepala okongola, lamya imalira kosalekeza, ndipo aliyense woimbayo amanena kuti akufuna kumuthandiza pa nkhani ya Medicare. Amalawi amene anakhazikika kumeneko, komanso amene anaitanitsa makolo awo kuchokera kumudzi, amakumana ndi zimenezi mofanana ndi wina aliyense, koma vuto lawo limakula chifukwa malamulo ake ndi achilendo ndipo zikalata zake zimalembedwa m'Chingerezi chovuta. Chofunika kuchidziwa musanayankhe lamya iliyonse n'chakuti ambiri mwa oimbawo si antchito a boma, koma ndi maejenti amene amalipidwa ndi makampani a inshuwalansi akakulembetsani.

Medicare ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la America yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, komanso ena olumala amene sanafike msinkhu umenewo. Inakhazikitsidwa pamene Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo lake pa 30 Julayi 1965, ndipo imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yotchedwa CMS, ngakhale kuti kulembetsa koyamba kumachitikira ku ofesi ya Social Security, yoona za penshoni ya boma. Gawo lotchedwa Part A limalipira munthu akagonekedwa m'chipatala, Part B imalipira madokotala, kuyezedwa ndi chithandizo cha amene sanagonekedwe, pamene Part D, imene inayamba mu 2006, ndi ya mankhwala. Palinso Part C, imene anthu amaidziwa ndi dzina lakuti Medicare Advantage, ndipo iyi ndi imene maejenti amaigulitsa kwambiri.

Yambani ndi kufufuza ngati munthuyo ali woyenera. Amene anagwira ntchito ku America n'kumadulidwa msonkho wa Medicare kwa zaka pafupifupi 10, kapena amene mwamuna kapena mkazi wake anatero, salipira kanthu pamwezi pa Part A. Makolo amene anabwera atakula kale, omwe sanagwirepo ntchito m'dzikolo, nkhani yawo ndi ina. Iwo amayenera kukhala ndi green card, chiphaso chokhalira m'dzikolo mokhazikika, ndiponso kukhala m'dzikolo zaka zisanu mosadukiza asanaloledwe kulowa, ndipo akalowa amadzilipirira okha Part A, imene mu 2025 inkafika madola 518 pamwezi. Banja limene likuganiza zoitanitsa agogo liyenera kuwerengera ndalama zimenezi nthawi idakalipo, chifukwa pa zaka zisanu zoyambazo agogowo adzafunika inshuwalansi ina.

Kenako lembani masiku pakalendala, pakuti m'nkhani imeneyi kuchedwa kumalipitsidwa. Nthawi yoyamba yolembetsa ndi miyezi isanu ndi iwiri: miyezi itatu musanafike mwezi umene mukukwanitsa zaka 65, mwezi weniweniwo, ndi miyezi itatu yotsatira. Amene anayamba kale kulandira ndalama za Social Security amalembetsedwa popanda kupempha ndipo khadi lawo limangobwera pa positi, koma ena onse amayenera kudzilembetsa okha. Munthu akaphonya nthawi imeneyi popanda chifukwa chovomerezeka, ndalama imene amalipira pamwezi pa Part B imakwera ndi 10 peresenti pa chaka chilichonse chathunthu chimene anachedwa, ndipo chilango chimenechi chimakhalapo nthawi yonse imene ali ndi Part B, kutanthauza moyo wake wonse kwa anthu ambiri. Kuwonjezera apo amayenera kudikira nthawi ina yolembetsa, kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi. Part D nayo ili ndi chilango chake, chimene chimayamba munthu akakhala masiku 63 kapena kuposerapo wopanda inshuwalansi yovomerezeka ya mankhwala.

Amene akugwirabe ntchito ndipo ali ndi inshuwalansi ya kuntchito kwawo kapena kwa mnzawo wa m'banja amaloledwa kuchedwetsa Part B, ndipo amapatsidwa miyezi isanu ndi itatu yoti alembetse ntchitoyo kapena inshuwalansiyo ikatha. Apa pali dzenje limene anthu ambiri amagweramo: inshuwalansi yotchedwa COBRA, imene munthu amapitiriza kudzilipirira ntchito ikatha, siwerengedwa ngati inshuwalansi ya munthu amene akugwira ntchito, choncho miyezi isanu ndi itatu ija imayamba kutha ngakhale COBRA idakalipo.

Mukalembetsa Part A ndi Part B, mumafika pamphambano pamene maejenti amakudikirirani. Njira yoyamba ndi kukhalabe mu Medicare ya boma yokha, imene imakulolani kupita kwa dokotala aliyense ndi chipatala chilichonse m'dzikolo chimene chimalandira Medicare. Mu 2025 Part B inkalipiridwa madola 185 pamwezi kwa anthu ambiri, ndipo munthu akadzilipirira yekha madola 257 oyambirira pachaka, boma limalipira 80 peresenti ya zotsalazo. Vuto lake n'lakuti 20 peresenti imene imatsalira wodwalayo ilibe malire, kotero kuti matenda aakulu monga khansa angathe kusesa chuma chonse cha banja. N'chifukwa chake anthu amene asankha njira imeneyi amagulanso inshuwalansi yothandizira yotchedwa Medigap, pamodzi ndi pulani ya Part D ya mankhwala.

Njira yachiwiri ndi Medicare Advantage, pamene boma limapereka ndalama ku kampani ya inshuwalansi kuti ndiyo iziyang'anira chithandizo chanu chonse. Anthu opitirira theka la amene ali mu Medicare ali m'njira imeneyi masiku ano, ndipo zifukwa zake n'zomveka: mapulani ambiri salipiritsa ndalama yowonjezera pamwezi, amaphatikiza mankhwala, ena amathandizako pa mano, maso ndi makutu, ndipo lamulo limaika malire a ndalama zimene mungawononge pachaka, amene mu 2025 sankayenera kupitirira madola 9,350 mukamagwiritsa ntchito madokotala a kampaniyo. Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ejenti akanena kuti pulani yake ndi yaulere, kumbukirani kuti ndalama ya Part B mudzailipirabe, kuti mudzayenera kupita kwa madokotala ndi zipatala zimene kampaniyo inagwirizana nazo, ndiponso kuti chithandizo china chodula chimafuna chilolezo cha kampaniyo dokotala asanachipereke.

Sindikunena kuti njira imodzi ndi yabwino kwa aliyense. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti chisankho choyamba n'chovuta kuchibweza, ndipo ejenti wofulumira sangakuuzeni zimenezi. Munthu amakhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira mwezi umene Part B yake yayamba ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, imene kampani ya Medigap singamukanize kapena kumukwezera mtengo chifukwa cha matenda amene ali nawo. Miyezi imeneyi ikadutsa, m'zigawo zambiri za dzikolo kampani ili ndi ufulu womufunsa za shuga, kuthamanga kwa magazi kapena matenda a mtima, n'kumukana. Zigawo zochepa monga New York ndi Connecticut zili ndi malamulo ofewerapo. Palinso mwayi wina wapadera: amene analowa Medicare Advantage atangokwanitsa zaka 65 angathe kutulukamo m'miyezi 12 yoyambirira n'kugula Medigap popanda kufunsidwa za matenda ake. Chaka chimenecho chikatha, munthu amene wadwala n'kuzindikira kuti dokotala amene akumufuna sali m'gulu la kampani yake angabwerere ku Medicare ya boma, koma mwina popanda chomuthandiza pa 20 peresenti ija.

Kwa ife amene mtima umakhala uli kumudzi pali funso lina limene liyenera kufunsidwa msanga. Medicare ya boma silipira chithandizo cha kunja kwa America, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri, choncho agogo akadwala ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, khadi lawo silingawathandize. Mapulani ena a Medigap, monga G ndi N, amalipira 80 peresenti ya chithandizo chadzidzidzi chimene chayamba m'masiku 60 oyambirira a ulendo, munthu atalipira yekha madola 250, ndipo malire ake ndi madola 50,000 pa moyo wonse. Pamene kwa amene ali mu Medicare Advantage, kukhala kunja kwa dera la pulaniyo kopitirira miyezi isanu ndi umodzi kawirikawiri kumachititsa kuti achotsedwemo. Ena akapita kumudzi kwa nthawi yaitali amaganiza zosiya kulipira Part B kuti asunge ndalama, koma akadzabwerera amapeza chilango cha 10 peresenti pachaka chija chikuwadikira. Ngati makolo anu amakhala theka la chaka uku theka uko, muuzeni ejenti zimenezi pa chiyambi penipeni ndipo mumve mmene akuyankhira.

Tsopano za ejenti mwiniyo. Kugwiritsa ntchito ejenti si kulakwa, ndipo alipo okhulupirika amene amadziwa bwino zipatala za m'dera lawo. Inu simumulipira kanthu. Amalipidwa komishoni ndi kampani, ndipo pa Medicare Advantage boma linaika malire a komishoniyo, amene mu 2025 anali madola opitirira pang'ono 600 pa munthu wolembetsedwa koyamba m'zigawo zambiri, ndi theka lake chaka chilichonse munthuyo akapitiriza. Palibe komishoni imene ejenti amalandira mukangokhala mu Medicare ya boma yokha osagula china chilichonse. Choncho mufunseni mwaulemu koma mosabisa kuti amagulitsira makampani angati, ngati amagulitsanso Medigap, ndiponso ngati ali ndi chiphaso cha chigawo chimene mukukhala, chimene mungachitsimikizire ku ofesi yoyang'anira inshuwalansi m'chigawomo.

Malamulo a boma amamanga maejenti m'njira zingapo zimene n'zothandiza kuzidziwa, chifukwa wophwanya limodzi mwa malamulowa wakuonetsani kale khalidwe lake. Ejenti wogulitsa Medicare Advantage kapena Part D saloledwa kukuimbirani lamya musanamupatse chilolezo, saloledwa kugogoda pakhomo panu musanamuitane, ndiponso saloledwa kukutsatani pamalo oimikapo magalimoto kapena kukugulitsani pulani m'chipinda chimene dokotala amaonera odwala. Sangakupatseni ndalama kuti mulembetse, mphatso zake siziyenera kupitirira madola 15, ndipo sangakudyetseni chakudya chathunthu pamsonkhano wogulitsira. Asanakumane nanu, mumayenera kugwirizana pa chikalata chotchedwa Scope of Appointment, chimene chimatchula mitundu ya inshuwalansi imene mwalola kuti mukambirane. Pamsonkhano umenewo saloledwa kukugulitsani zinthu zosakhudza zaumoyo monga inshuwalansi ya moyo. Woimba lamya amene akunena kuti ndi wochokera ku Medicare n'kupempha nambala ya khadi lanu, ameneyo mungomudulira, pakuti Medicare siimbira anthu kuti iwagulitse kanthu, ndipo nambala imeneyo akuba amaigwiritsa ntchito kulipiritsa boma chithandizo chimene simunalandire.

Musanakumane ndi ejenti, khalani pansi ndi makolo anu ndipo mulembe mayina a madokotala awo onse, chipatala chimene amakonda, famase imene amagulako mankhwala, ndi dzina la mankhwala aliwonse pamodzi ndi mlingo wake monga momwe zalembedwera pabotolo. Lowetsani zimenezi pa tsamba la boma la Medicare.gov, limene limaonetsa mapulani onse a m'dera lanu, mtengo wa mankhwala anu pachaka, ndi nyenyezi zimene boma linapatsa pulani iliyonse kuyambira imodzi mpaka zisanu. Ejenti akanena kuti dokotala wanu ali m'gulu la kampani yake, imbirani ofesi ya dokotalayo mumve nokha, mutatchula dzina lonse la pulaniyo, chifukwa kampani imodzi imakhala ndi mapulani angapo a madokotala osiyana. Musasaine tsiku lomwelo. Pemphani chikalata chofotokoza mwachidule zimene pulaniyo imalipira, mupite nacho ku SHIP, amene ndi alangizi opezeka m'chigawo chilichonse omwe amathandiza mwaulere ndipo sagulitsa inshuwalansi. Safunsa anadya phula, ndipo alangizi omwewa angakuuzeni ngati makolo anu, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zimene amapeza, ali oyenera thandizo la Extra Help pa mankhwala kapena la Medicare Savings Program pa ndalama ya Part B.

Mwana amene akuyendetsa nkhani imeneyi m'malo mwa kholo adziwe kuti kukhala mwana wobereka sikumupatsa mphamvu yosainira. Amafunika chikalata chalamulo chomupatsa mphamvu imeneyo, ndipo kuti a Medicare azilankhula naye za kholo lake, khololo liyenera kupereka chilolezo.

Ntchitoyi sithera pa chaka choyamba. Chaka chilichonse, pofika kumapeto kwa Sepitembala, kampani imatumiza kalata yofotokoza zimene zidzasinthe mu Januwale, monga mitengo ndi mankhwala amene achotsedwa pamndandanda. Werengani kalata imeneyi, chifukwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala ndi nthawi imene aliyense angasinthe pulani, ndipo ndi nthawi yomweyo imene malonda amafika pachimake. Amene ali kale mu Medicare Advantage ali ndi mwayi winanso wosintha kamodzi pakati pa 1 Januwale ndi 31 Malichi. Ngati mwazindikira kuti ejenti anakunamizani, kapena kuti mwalembetsedwa m'pulani imene simunaivomere, imbani lamya ku 1-800-MEDICARE mufotokoze tsiku, dzina la ejentiyo ndi zimene ananena, ndipo mudziwitsenso a Senior Medicare Patrol a m'chigawo chanu, amene amathandiza pa nkhani za chinyengo cha Medicare. Pa milandu yotere boma lingathe kukupatsani nthawi yapadera yotulukira m'pulaniyo popanda kudikira Okutobala.