Dzijambuleni kaye musanayendetse katuni

Anzanga opanga makatuni, munthu wanu akamayenda ngati akuyandama, nthawi zambiri vuto limakhala pa nthawi ya mayendedwe. Imikani foni pampando, mudzijambule mukunyamula ndowa ya madzi. Yodzadza ndithu, chifukwa ikakhala yopanda kanthu thupi limanama. Kenako onerani pang'onopang'ono mukuwerenga mafulemu (zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga kanema): maondo apinda liti, ndowa yachoka pansi liti, mwaima mafulemu angati musanaweramuke. Kaime pang'ono kameneko ndi kamene kamaonetsa kulemera.

Samalani apa: mafoni ambiri amajambula mafulemu 30 pa sekondi, pomwe Blender, pulogalamu yopangira makatuni, imayambira pa 24. Fananitsani kaye, apo ayi kuwerenga konse kusokonekera.

Ine sindikopera fulemu iliyonse, zimatuluka zozizira. Ndimangotengako nthawi, n'kukokomeza pang'ono pomwe msana wapindika.