Momwe mungajambulire nkhope ya munthu kuti chithunzi chituluke bwino

Chithunzi chikatuluka maso ali bii ngati mapanga, ambiri amaloza chala kamera. Kawirikawiri kamerayo ilibe mlandu, vuto limakhala malo amene munthuyo anaimikidwa.

Choncho yambani mwayang'ana kumene kukuchokera kuwala, kamera ikadali m'thumba. Dzuwa likakhala paliwombo limagwetsa mithunzi pansi pa maso, mphuno ndi chibwano, ndipo munthu amangotsinzinira. Muimikeni pamthunzi wa khoma kapena pakhomo, nkhope italoza kunja kowala. Pansi pa mtengo samalani, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawangamawanga pankhope. Ngati muli m'nyumba, zimitsani babu, mum'khazike pafupi ndi zenera kuti kuwala kumufike cham'mbali. Tsaya linalo likada kwambiri, wina agwire nsalu yoyera kapena chipepala choyera pafupi nalo. Kuwala kumabwerera n'kufewetsa mthunziwo. Ine ndimadikira ola lomaliza dzuwa lisanalowe. Nthawi imeneyi kuwala kumabwera chopendekeka, khungu limaoneka losalala, ndipo m'maso mumakhala kadontho konyezimira kamene kamapatsa nkhope moyo.

Mukapeza malo, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Zala zamafuta n'zimene zimachititsa zithunzi zambiri za pafoni kuoneka ngati zajambulidwa mu utsi.

Kenako bwererani m'mbuyo. Kamera yaikulu ya foni imatenga malo otakata, ndiye mukaiyandikitsa kwambiri kunkhope mphuno imakula, makutu n'kuchepa. Imani patali ndi mamita awiri, mudine 2x, kabatani kokokera chithunzi pafupi, ngati foni yanu ili nako. Amene ali ndi kamera yosintha malenzi asankhe ya 50mm kapena 85mm, atsegule kabowo kolowera kuwala pa f/2 kapena f/2.8 kuti zakumbuyo zisaoneke kwambiri. Shutter, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula, isachedwe kuposa 1/125 ya sekondi, apo ayi kagwedezeke kakang'ono kadzaononga zonse. ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikhale pa 100 mpaka 400 kukakhala kowala. Kamera ikhale molingana ndi maso a munthuyo. Akakhala mwana, gwadani.

Apa pali chinthu chimene chimavutitsa ambiri pojambula munthu wakhungu lakuda. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Kumbuyo kukakhala khoma loyera kapena thambo lowala, iyo imachepetsa kuwala, ndipo nkhope imasanduka mthunzi wokhawokha. Dinani pankhope pa sikirini, kenako kwezani pang'ono kachizindikiro ka kuwala mpaka khungu lioneke mmene maso anu akulionera. Musapitirire muyeso, chifukwa mphumi ikayera mbee siibwereranso ngakhale mutakonza bwanji. Focus, malo amene kamera ikulunjika kuti aoneke bwino kwambiri, ikhale pa diso limene lili pafupi ndi inu.

Musanadine, yendetsani maso m'mbali zonse zinayi za chithunzi. Mtengo wamagetsi wooneka ngati wamera pamutu, chingwe choyanikapo zovala chodutsa pakhosi, ndowa pakona: zonsezi zimachoka mukangosuntha phazi limodzi.

Chatsala ndi munthuyo, ndipo ntchito yeniyeni ili apa. Kujambula kwa daguerreotype, njira yakale yojambulira zithunzi pachitsulo, kutangolengezedwa ku Paris mu 1839, ojambulidwa ankayenera kukhala duu kwa nthawi yaitali, ndipo m'nyumba zojambulira ankawachirikiza mutu ndi chitsulo chakumbuyo kuti asagwedezeke. Lero chitsulocho kulibe, koma anthu akangoona kamera amaumabe khosi chimodzimodzi. Kumuuza munthu kuti "sekani" kumangotulutsa mano. Chezani naye, mufunseni za ntchito yake kapena ana ake, mapewa awatembenuze pang'ono, chibwano achitsitse pang'ono chabe. Manja akasowa pokhala, m'patseni chogwira, makamaka chida chimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Jambulani kambirimbiri. Chithunzi chabwino chimakonda kukhala chija mwajambula iye akuganiza kuti mwamaliza, atatulutsa mpweya n'kumasuka.

Muonetseni zimene mwajambula, ndipo mum'pemphe kaye musanaike pa intaneti. Chimene iye wachikana, fufutani, ngakhale inu chikukusangalatsani. Pomutumizira pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa mukatumiza mwachizolowezi chithunzi chimachepetsedwa, ndipo tsiku lokachisindikiza chachikulu tsitsi ndi nsidze zidzaoneka zosokonekera.