Kuphunzitsa Fizikisi ndi foni imodzi kapena laputopu imodzi: mmene ndimachitira kuno ku Salima

Aphunzitsi anzanga a sayansi, makamaka inu a m'ma CDSS komwe labu kulibe, kapena ilipo koma mkati mwake muli mabika awiri ndi maginito otha mphamvu, ndati ndikugawireniko mmene mungagwiritsire ntchito foni kapena laputopu pophunzitsa Fizikisi, chifukwa ndikuona ambiri tikungothamangira kuonetsa ana mavidiyo nkumati basi tayamba kuphunzitsa mwamakono, koma mayeso akabwera zotsatira zake ndi zomwe zija. Anthu akhala akufufuza nkhani imeneyi kwa zaka zambiri ndipo zomwe anapeza zikutikhudza ife tomwe kuno.

Mu 1998 katswiri wina wa ku America, Richard Hake, anasonkhanitsa zotsatira za makalasi 62 a Fizikisi, ophunzira opitirira 6,000, omwe analemba mayeso a force ndi motion asanaphunzire nkulembanso ataphunzira. M'makalasi omwe mphunzitsi ankangoyankhula yekha ana nkumakopera manotsi, pa zomwe anawo sankadziwa poyamba anatolapo pafupifupi 23 pa 100 basi, pomwe m'makalasi omwe ana ankafunsidwa mafunso, kutsutsana okhaokha ndi kugwira zinthu ndi manja zinafika pa 48. Mu 2004 gulu la Eric Mazur ku Harvard linapezanso kuti wophunzira wongoonerera ekisiperimenti mphunzitsi akuchita kutsogolo sasiyana kwenikweni ndi yemwe sanaione nkomwe, koma ukamufunsa kaye kuti ukuganiza kuti chichitike nchani asanaone, kumvetsa kwake kumakwera. Ku Peru boma linagawa malaputopu ambirimbiri m'mapulayimale akumidzi, kafukufuku wa 2012 nkupeza kuti pa masamu ndi chiyankhulo palibe chinasintha. Pomwe kuno kwathu, kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham yemwe anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti ana a pulayimale ku Lilongwe omwe ankaphunzira masamu pa matabuleti a onebillion anachita bwino kuposa anzawo, ndipo ine mmene ndimaonera nchifukwa choti pulogalamu imeneyo simulola mwana kungokhala phee, imamufunsa, ayankhe, nkumuuza pompo ngati walakwa.

Nde mfundo ndi imeneyo, mwana aganize kaye, anene yankho lake poyera, ndiye aone. Kungoonerera kokha kuli ngati kufuna kudziwa kupalasa njinga poyang'ana akabaza pa Kamuzu Road.

Choyamba pezani PhET. Awa ndi timasewero ta sayansi ta pa kompyuta taulere, anayambitsa mu 2002 ndi Carl Wieman yemwe anapata mphoto ya Nobel ya Fizikisi mu 2001, ku University of Colorado Boulder. Mukalowa pa webusayiti yawo iliyonse ili ndi podina kuti mudawunilode, imabwera ngati fayilo imodzi yomwe imatseguka pa Chrome olo mulibe bandulo, nde mumangogula bandulo kamodzi, kapena mukapita ku boma komwe netiweki imagwira bwino nkutengeratu zonse, kenako muzigawana pa Xender kapena fulashi. Musatenge zambirimbiri ayi, yambani ndi Circuit Construction Kit: DC, Bending Light, Pendulum Lab ndi Wave on a String, zimenezi zokha zikugwira mitu ingapo ya silabasi. Itseguleni kunyumba madzulo data mutatseka kuti mutsimikize kuti ikuyendadi, mafoni ena amavuta kutsegula fayilo yotere, pa laputopu nde sivuta. Ndipo tchajani usiku, musadalire kuti magetsi akhalapo nthawi ya piriyodi yanu.

Tiyeni titenge phunziro la magetsi lomwe ana ambiri amagwera. Laputopu isatsegulidwe kaye. Jambulani pa bolodi batire imodzi ndi mababu awiri ofanana olumikizidwa mu series, kutanthauza motsatizana pa njira imodzi ya waya, mufunse kuti ndi babu iti iwale kwambiri, A yoyamba, B yachiwiri, C ziwala mofanana. Aliyense alembe yankho mu kope lake ndi chifukwa chake, mphindi imodzi, osayang'ana kwa mnzake. Kenako avote, koma osati pokweza manja chifukwa onse amangotsatira mwana yemwe amakhoza mkalasimo, aike zala pachifuwa, chala chimodzi A, ziwiri B, zitatu C, inu nokha ndi amene muone. Muona kuti ambiri asankha A, akuti babu yoyamba imadya kalenti nkusiyira inzakeyo yotsala. Musawauze kuti alakwa, nkhope yanunso isaulule. Auzeni aliyense apeze mnzake yemwe wayankha zosiyana ndi iye amukope kuti asinthe maganizo, mphindi ziwiri zitatu. Mkalasi mukhala phokoso ndithu, ndipo ndi bwino kuwauziratu ahedi kuti asadabwe. Asiyeni akangane m'Chichewa kapena Chiyao mmene akumasukira, Chingerezi chibwera polemba yankho lomaliza poti a MANEB amafunsa m'Chingerezi. Avotenso kachiwiri. Njira imeneyi ndi yomwe Mazur anayamba kugwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sifuna ndalama olo tambala.

Apa nde mutsegule laputopu. Itanani mwana mmodzi alumikize yekha batire, mawaya ndi mababu pa sikirinipo, inu manja kumbuyo, ndipo onetsetsani kuti atsikana akugwirako mausi chifukwa mukangosiya anyamata amalanda nthawi zonse. Mababu akawala mofanana mumva kalasi yonse ikuti aaa, musathamange, muuzeni atenge ammeter, choyezera kalenti, ayese babu yoyamba isanafike, pakati pa mababu, ndi kumapeto, nambala ituluka imodzimodzi malo onse atatu. Pambali pali posankha kuti muonetse ma electron kapena conventional current, sankhani imodzi nkuwauza kuti ndi iti, apo ayi mivi ija iwasokoneza poti ziwirizi zimayenda mosemphana. Akamaliza abwerere ku kope, pansi pa yankho lawo loyamba alembe zomwe aona ndi pomwe ganizo lawo linaphonya, loyambalo asafufute. Ndiye funso lachiwiri mulibweretse pomwepo, titachotsa babu imodzi inayo itani, nanga titaziika mu parallel, babu iliyonse pa njira yakeyake, nkuyambiranso kulosera, kuvota, kukangana.

Pulojekita ngati palibe musadandaule, ikani laputopu pa kona yomwe kulibe dzuwa, azibwera magulu a ana 8 kapena 10 mosinthana ena akulemba zifukwa zawo. TV ya pa sukulu nayo imagwira ntchito mukapeza chingwe cha HDMI.

Ena amafunsa kuti kodi zapakompyutazi sizabodza, mwana adzakhoza bwanji pulakitiko ya MSCE asanagwirepo waya? Funso ndi labwino. Mu 2005 ku Colorado komweko Noah Finkelstein ndi anzake anayerekeza magulu awiri, ena anaphunzira ndi Circuit Construction Kit ena ndi mawaya ndi mababu enieni, a kompyuta aja anamvetsa bwino kuposa anzawo ndipo atapatsidwa zipangizo zenizeni analumikiza msanga. Komabe ofufuza ena ataunikanso kafukufuku wambiri mu 2013 ananena kuti kuphatikiza ziwirizi nkomwe kumapindulitsa, ndipo ine ndili mbali imeneyo. Pa kompyuta waya sachita dzimbiri, batire sikutha, polumikiza sipamasuka, pomwe tsiku la pulakitiko zonsezi mwana akumana nazo manja akunjenjemera. Nde piriyodi yotsatira bweretsani mabatire a tochi, mawaya a mu wailesi yakufa ndi timababu, TALULAR yathu ija, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Chenjerani ndi ma LED omwe adzadza m'matochi a masiku ano, amawala mukalumikiza mbali imodzi yokha, mukatembenuza sawala, ndipo batire imodzi ya 1.5 V siyikwanira kuyatsa LED yoyera, nde mwana akhoza kuganiza kuti walakwitsa pomwe walumikiza bwino. Za short circuit muwaonetse pa PhET pomwe batire imayaka moto pa sikirini popanda wovulala, musayerekeze kuchita zimenezo ndi batire ya sola ya 12 V, waya amatentha mpaka kuwotcha dzanja, za magetsi a pa soketi nde osayandikira nkomwe.

Ana ambiri kwawo kuli kasola ndi batire, afunseni kuti mabatire awiri a 12 V mu series apereka zingati, 24 V, nanga mu parallel, 12 V yomweyo koma akhalitsa. Ndipo akumbutseni kuti boma lathu lomwe lino ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, Fizikisi yake ndi yomweyi akulemba mu kopeyi.

Bending Light nayo imakoma kuno kunyanja. Mwana wa ku Senga Bay kapena Chipoka akudziwa kale kuti madzi akakhala oyera pansi pamaoneka pafupi koma ukalowa ndi pakuya, yambirani pamenepo. Refractive index, nambala yosonyeza mmene chinthu chimakhotetsera kuwala, ya madzi ndi 1.33, nde pakuya mamita 4 ukayang'ana molunjika pansi pamaoneka ngati mamita 3. Ndowa ya madzi ndi ndodo, alosere, aone, kenako pa sikirini asinthe okha ngodya ya kuwala nkuyesa ndi protractor yomwe ili momwemo.

Tsopano foni yanuyo payokha ndi chipangizo choyezera, ndipo kumeneku nkomwe kafukufuku wambiri wa zaka zaposachedwapa walowera. Pali app yaulere yotchedwa phyphox yomwe anapanga ku RWTH Aachen University ku Germany, inatuluka mu 2016, imagwiritsa ntchito maikolofoni ndi masensa ena a mufoni. Yomwe ndimaikonda ndi yoyeza liwiro la phokoso. Mufunika mafoni awiri, bwerekani ya mphunzitsi mnzanu poti ana m'sukulu zambiri saloledwa kubwera ndi foni. Onse awiri mutsegule Acoustic Stopwatch, imayamba kuwerenga ikamva phokoso nkuima ikamva lachiwiri. Pitani ku bwalo la mpira, ikani mafoniwo motalikirana mamita 5 oyezedwa bwino ndi tepi. Mwana woyamba aime pa foni A awombe m'manja kamodzi mwamphamvu, mafoni onse ayamba kuwerenga, kenako wachiwiri ali pa foni B awombenso, onse aima. Manambala asiyana pang'ono, chifukwa foni B inachedwa kuyamba nkufulumira kuima, kusiyanako ndi nthawi yomwe phokoso limatenga kuyenda mamita 5 kawiri, nde mugawe mamita 10 ndi kusiyanako. Muyembekezere kusiyana kwa pafupifupi masekondi 0.029, zomwe zikupatsani cha m'ma 340 m/s. Kwezani pang'ono threshold, mlingo wa phokoso loyambitsa wotchiyo, kuti foni isamayambe yokha ndi phokoso la ana, onse akhale chete, ndipo tsiku la mwera musavutike nkomwe, mphepo imangoyambitsa wotchiyo. Chitani kangapo mutenge avereji. Mukapeza nambala yokwererapo m'mwezi wa October musadabwe, phokoso limathamanga kwambiri mu mpweya wotentha, pa 35°C limafika cha m'ma 352 m/s.

Kamera nayo, mafoni ambiri amajambula mafelemu 30 pa sekondi, mwala wogwa kuchokera mamita 2 umatenga masekondi 0.64, mafelemu pafupifupi 19. Pa laputopu pulogalamu yaulere ya Tracker imakulolani kudina pomwe pali mwala felemu ndi felemu nkukujambulirani girafu. Imafuna kuizolowera kaye, nde musayambire pamenepo. Pendulum nde njosavuta, mwala pa chingwe cha mita imodzi, kupita ndi kubwera kakhumi ndi masekondi pafupifupi 20 pa wotchi ya foni, koma afunseni kaye kuti tikamanga mwala wolemera nthawi isintha kapena ayi, ambiri amati isintha.

Za ChatGPT ndi Meta AI ya pa WhatsApp ija, ana a Fomu 4 akuzigwiritsa kale ntchito kunyumba kaya tifune kaya tisafune. Zimathandiza kukupangirani mafunso a A, B, C mwachangu, koma yankho lililonse muliwerengetsere nokha musanapite nalo mkalasi chifukwa zimalakwitsa molimba mtima. Mukapeza yankho lolakwika lilembeni pa bolodi ana asake pomwe palakwika, limenelonso ndi phunziro labwino.

Chomaliza, muziyeza nokha ngati zikugwira ntchito, mmene anachitira Hake muja. Konzani mafunso 10 ofuna kuganiza, osati olowetsa manambala mu fomyula, alembe mutu usanayambe nkulembanso omwewo mutu ukatha, mapepala oyambawo osawabwezera. Ngati avereji inali 30 nkufika pa 58, ndiye kuti akwera ndi 28 pa 70 yomwe inatsala, kumene kuli 40 pa 100. Ngati muli ndi ma stream awiri musamane ina, yambani njirayi ndi Fomu 3A pa mutu wa magetsi, 3B pa mutu wa kuwala, muyerekeze, ndipo manambalawo mubwere nawo ku maphunziro a SMASSE, a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, kapena ku msonkhano wa kilasita tidzaonere limodzi ndi mafunso omwe munagwiritsa ntchitowo.